Mawu a Kuseri kwa Mwala

1

Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala ndikusema miyala ya pamanda. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, koma funsani aliyense, palibe mwala umene unatulukapo m'shedi yanga chilembo chitapendekeka. Anthu amanditcha a Tchizulo, dzina la chitsulo chosemera miyala. Ena amati n'chifukwa cha ntchito, ena amati n'chifukwa cha pakamwa panga. Onsewo ndi amiseche.

Pantchito yanga ndili ndi lamulo limodzi. Munthu akabwera kudzagula mwala, ndimautembenuza, ndimamupatsa choko chamafuta chachikasu, n'kumuuza kuti alembe yekha kuseriko mawu amene akufuna. Ndinayamba zimenezi nditatopa ndi anamfedwa. Lero akuuza zina, mawa wasema kale, akubwera ndi alamu awo kudzakana kuti sananene choncho. Pepala amataya, pakamwa amasintha. Koma dzanja lawo likakhala pamwala, akanira pati? Ndikamaliza kusema kumaso iwo n'kuvomereza, ndimapala kuseriko ndi makina, mwala n'kumapita.

Zimene walemba mwini ndi zimene ndimasema. Sindiwonjezera, sindichotsera. Ndinasemapo kuti "bambo wachikondi" pamwala wa munthu amene anagulula mkazi wake mano awiri. Ndinasema ndithu, mwaluso.

Lamulo limeneli ndinaliswa kamodzi kokha. Kamodziko ndi kamene kandilembetsa kalata ino, ine amene sindikhulupirira anthu olemba magazini. Mukafuna kudula dulani, koma musandikometsere.

2

Ine ndi mkazi wanga Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, wamkazi. Anakulira m'fumbi la shedi. Kuwerenga anaphunzirira pamiyala ya akufa, akulondola zilembo ndi kachala. Kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo, ndipo kalasi ya ofuna ubatizo ndinkaphunzitsa ndine. Ndikafunsa kuti Mulungu alipo angati, mwana wanga ndiye ankayamba kuimika mkono. "Mmodzi, mwa atatu: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera." Ine mtima unkachita kufufuma.

Kenako makina anga opalira anayamba kutulutsa utsi, ndipo ndinaitana wamagetsi. Ndinamutsegulira ndekha geti. Mnyamata wamtali, waulemu wopitirira muyeso. Ine munthu waulemu kwambiri ndimamukayikira, ndipo sindinalakwe. Anakonza waya, ananyamula zida zake, patapita chaka ananyamulanso mwana wanga.

Ukwati utatha miyezi khumi, anabwera kudzatiwona Lamlungu masana. Mkazi wanga anaika tiyi patebulo. Ndinapemphera, ndipo ndinatseka monga nditsekera masiku onse, m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera. Amen inamveka imodzi yokha, ya mkazi wanga.

"Ma amen enawo atsalira m'basi?" ndinafunsa.

Wamagetsi anapukuta manja pamaondo. "Apongozi, pepani. Ife kumene tikusonkhana tsopano timapemphera kwa Atate yekha, kudzera mwa Mwana."

"Ife? Ife ake ati?"

"Mulungu ndi mmodzi, apongozi. Mawu akuti Utatu mundipezere m'Baibulo, tsamba lake, ine ndibwerera lero lomwe."

"Mawu akuti magetsi alimo? Koma ukagwira waya umavina."

Mkazi wanga anaseka, nkhope n'kubisa m'kapu. Wamagetsi sanaseke.

"Nanga Yesu m'munda muja ankapemphera kwa ndani? Ankadzipempha yekha?"

"Nanga Tomasi ataona zipsera anamutchula kuti chiyani? Anati achimwene? Ngati amene anafa pamtanda si Mulungu, iwe wakuwombola ndani? Mnzako wolengedwa?"

"Bambo ake, tiyi akuzizira," anatero mkazi wanga.

Ndinatembenukira kwa mwana wanga. Maso ake anali pa supuni. "Iwe, muyankhe mwamuna wakoyu. Mulungu alipo angati?"

"Ababa," anatero chapansipansi, "ine ndinabatizidwanso mwezi watha."

Ndinamva ngati nyundo yaphonya tchizulo n'kutera pachala. Ine amene ndinamunyamula ndi manja awa kupita naye kutsogolo kwa mpingo. Ine amene ndinaphunzitsa ana a eni ake mazanamazana.

"Ndiye kuti unakasamba? Unakachotsa dzina la Mulungu pamutu pako ngati litsiro?"

"Yesu sindinamukane, ababa. Ndimamukonda kuposa kale."

"Wokana Utatu wakana Mulungu. Palibe chipulumutso kunja kwake. Dzukani nonse awiri. Ine ndilibe mwana wa kumoto."

Mkazi wanga anandigwira malaya. Ndinamukankha dzanja. Kapu ya mwana wanga inatsala yodzaza, ndipo mkazi wanga sanaichotse patebulo mpaka tsiku lotsatira.

3

Anasamukira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Foni m'nyumba mwathu inali imodzi ndipo inkakhala m'thumba mwanga. Ikalira nambala yawo, ndinkaisiya ilire mpaka itope. Patapita miyezi inatopadi.

Mkazi wanga sanali wamakani. Mafunso ake ankabwera ngati akufunsa za sopo. Tsiku lina akusita malaya anga a kutchalitchi anati, "Bambo ake, wakuba uja anapachikidwa pambali pa Ambuye, kalasi yanu analowa liti?"

"Usayambe."

"Ndikungofunsa. Anamufunsa kuti Mulungu alipo angati?"

"Iye uja sanakane. Kusadziwa ndi kwina, kukana ndi kwina. Mwana wako anadziwa, n'kukana."

"Mwana wanga," anatero, akutembenuza kolala. "Kale anali wathu."

Funsolo linandidya, mpaka ndinapita kwa abusa. Anali achinyamata, a mabuku ambiri ndi nsapato zonyezimira. Ndinawapeza mu ofesi yawo akulimbana ndi fani yosazungulira.

"Abusa, munthu wokana Utatu angapulumuke? Inde kapena ayi."

"Akulu, khalani pansi kaye."

"Ndayankhula nditaima zaka zonsezi."

"Chiphunzitso chimenechi ndi maziko. Mpingo sungachisiye, ndipo ine sindingabatize munthu wochikana. Koma mndandanda wa olowa ndi osalowa kumwamba, ine sanandipatse."

"Ndiye tikuvutikiranji ndi kalasi?"

"Tikuphunzitsa choona. Koma mwana wanu mungamuphunzitse bwanji ngati foni yake simuyankha?"

Ndinadziwa pomwepo kuti mkazi wanga anali atadutsako kale. Ndinatuluka osatsanzika. Wapita kukafunsa inde kapena ayi, munthu akukupatsa phala la mawu. Ndinati mumtima, ngati abusa agwedezeka, ine ndiye ndikhala mwala. Ndipo ndinakhaladi, zaka zisanu ndi chimodzi.

4

Matenda anayambira m'mimba. Adokotala atatiuza zimene anatiuza, mkazi wanga sanalire. Mmawa wina ndikupala mwala, ndinangoona waima pakhomo la shedi, atatsamira chitseko, diresi ikuchita kulendewera.

"Ndabwera ngati kasitomala, amisiri."

"Pita ukagone."

"Ndikagona posachedwapa, musadandaule. Uwu wotuwawu ndaukonda. Tembenuzani."

Ndinautembenuza. Anatambasula dzanja, ine n'kumupatsa choko. Anagwada movutikira pa thumba la simenti, ndipo analemba nthawi yaitali, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu. Atamaliza anandibwezera chokocho.

"Zimene walemba mwini ndi zimene mumasema. Si choncho?"

Ndinawerenga. Ndinaika choko m'thumba. Zimene analemba ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

Patatha milungu itatu tinamugoneka m'chipatala, bedi la pafupi ndi zenera. Anakhalamo masiku anayi. Anamwalira Lachinayi masana, anamwino akugawa mankhwala, ine nditamugwira dzanja.

Mwana wanga anamva uthenga kwa azakhali ake, mlongo wanga. Anafika tsiku loika, mwambo utayamba kale, wamagetsi ali pambuyo pake atanyamula chikwama. Analowa pageti akulira, akulunjika pamene panali bokosi. Ndinaima pakati.

"Ima pomwepo."

"Ababa, ndiwaone amayi."

"Mayi ako anasiya mawu. Anati wokana Utatu asayandikire bokosi lawo."

Nyimbo inazima. Amayi a kwaya anayang'anana. Mwana wanga anandiyang'ana ngati ndamuthira madzi otentha.

"Ananenadi choncho?"

"Unandimvapo ndikunama?"

Wamagetsi anaponya chikwama pansi. "Apongozi, muope Mulungu!"

"Uti? Wako wodukayo?"

Mwana wanga anamugwira mwamuna wake pamkono. Sanakangane nane. Anabwerera chambuyo, anakaima kunja kwa mpanda, ndipo kumanda anaima patali pansi pa mtengo mpaka anthu onse anabalalika.

Mwala ndinasema ndekha, geti nditatseka. Kumaso ndinalemba dzina, zaka, ndi pansi pake zilembo zazikulu: M'DZINA LA ATATE, NDI LA MWANA, NDI LA MZIMU WOYERA. Sindinasemepo bwino chotere moyo wanga wonse. Kenako ndinautembenuza, ndinayatsa makina kuti ndipale kuseri. Makina analira, analira, dzanja langa osatsika. Ndinazimitsa. Ndinatenga chitini cha penti yakuda imene inatsala popaka geti, ndinapaka kuseri konse kawiri.

Tsiku loimika mwalawo mlongo wanga anati, "Achimwene, mwayamba liti kupaka penti miyala?"

"Ndi ulemu wa mkazi wanga," ndinatero.

5

Panapita zaka ziwiri, mvula ziwiri. Kumanda ndinkapita kamodzikamodzi. Ndinkapeza udzu utazulidwa, ndinkayesa kuti ndi amayi a kutchalitchi. Ndinkaima kumaso kwa mwala, kuwerenga ntchito yanga, n'kubwerera. Kuseri sindinkazungulirako.

Lachiwiri lina mmawa ndikusema dzina la mphunzitsi wina, chithunzithunzi chinagwa pamwala. Ndinadzutsa mutu. Mwana wanga. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi pamphumi, ngati mayi ake.

"Amisiri," anatero, "ndili ndi dandaulo pa ntchito yanu."

Amisiri. Osati ababa.

"Ngati wabwera kudzalapa, abusa ali ku ofesi."

"Valani nsapato. Tiyeni."

Sindikudziwa chimene chinandidzutsa. Tinayenda, iye patsogolo, ine pambuyo ndi fumbi langa. Titafika pamanda ndinaima kumaso monga mwa masiku onse. Iye anapitirira, anazungulira.

"Malo anga ndi kuno," anatero. "Miyezi itatu iliyonse ndimakwera basi, ndimazula udzu, ndimaima kuseri kuno. Kumaso ndinkaopa. Munati amayi sakundifuna, ndiye ndinkati ndisawaonetse nkhope. Bwerani muone."

Mmisiri aliyense, ngakhale wophunzira dzulo, amadziwa kuti penti sigwira pa mafuta. Ine ndinkadziwa. Dzuwa ndi mvula zinali zitasenda penti motsatira choko, chilembo ndi chilembo, malo ena onse ali bii. Dzanja la mkazi wanga linali pamenepo, lopindikapindika, lachikasu:

MWANA WANGA, INE SINDINAKUKANE. ZINAZO TIKAMUFUNSA MWINI WAKE.

"Ulendo wathawu panatuluka mawu awiri oyambawo," anatero. "Ndinayesa misala. Lero ndakanda ndi chikhadabo. Werengani."

"Ndawerenga."

"Mokweza! Munandiphunzitsa kuwerenga pamiyala ndinu. Werengani!"

Ndinawerenga. Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Zaka ziwiri," anatero. "Zaka ziwiri ndikugona ndi mawu akuti mayi anga anafa akunyansidwa nane. Ndinasiya kudya. Mwamuna wanga ankandipeza ndikulira m'bafa. Inu mukusema maina a anthu, mukuimba kutchalitchi."

"Ndinkafuna ubwerere! Ndinati ukamva kuti ngakhale mayi ako akukana, udzachita mantha, udzasiya mpatukowo. Ndinkapulumutsa moyo wako!"

"Ndi bodza? Mwa atatu anuwo, ndani anakutumani kunama? Atate? Mwana? Kapena Mzimu?"

Ndinabweza maso pa zilembo zachikasu zija.

6

Akanalekera pomwepo, bwenzi nditapulumuka ndi theka. Koma ndi mwana wanga, amadziwa pogogoda.

"M'chipatala muja, anandiitana?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Amisiri, ndafunsa. Inde kapena ayi."

Imvani tsono chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mlongo wanga.

Anamuitana. Tsiku loyamba anati, "Bambo ake, muimbireni mwana." Ndinati mawa. Tsiku lachiwiri anabwereza. Tsiku lachitatu anandigwira pamkono ndi mphamvu imene sindikudziwa anaitenga kuti. "Imbani pano, ndikuona."

Ndinatulutsa foni. Ndinati muno simukugwira bwino, ndinatuluka pakhonde pamene ankandionera pazenera. Ndinaika foni kukhutu. Sindinadinde nambala iliyonse. Ndinayendayenda, ndikugwedeza mutu, ndikutambasula dzanja ngati ndikuchonderera munthu. Ndinasewera sewero lonse, nkhalamba ya imvi, mkulu wa mpingo, ndikuyankhula ndi foni yozima. Kenako ndinalowa.

"Akuti chiyani?"

"Wakana. Akuti sangalowe m'chipinda mmene mukupempheredwa za Utatu."

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Anatembenukira kukhoma, ndipo anati, "Chabwino. Mwala ulipo." Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiyankhula. Dzanja limene ndinagwira Lachinayi lija linali la munthu amene sankandimvanso.

Mpaka lero sindidziwa ngati anakhulupirira. Ngati anakhulupirira, ndinamupha mtima asanafe. Ngati sanakhulupirire, anapita akudziwa kuti anakwatiwa ndi wabodza. Sankhani nokha chabwino pamenepo.

Zonsezi ndinamuuza mwana wanga titaima kuseri kwa mwala. Ndinkayembekeza kuti andimenya, ndipo ndikanakonda. Anakhala pansi m'dothi, anatsamiritsa chipumi pa zilembo za mayi ake. Anakhala choncho mpaka dzuwa linafika pamutu.

Atadzuka anati, "Kasitomala analemba. Ntchito simunagwire."

"Ukufuna ndifafanize kumasoko?"

"Ayi. Amayi ankakhulupirira zimenezo, zisiyeni. Musemenso zawozi. Pompano, mwala uli chiimire, dzanja lawo momwe lilili. Musawongole chilembo ngakhale chimodzi."

7

Ndinasema masiku atatu nditagwada, ndi tchizulo chaching'ono, ndikulondola mzere uliwonse wopindika. Anthu odutsa ankaima. Pofika Lamlungu mpingo wonse unali utawerenga. Sindinadikire kuitanidwa. Ndinaima kutsogolo, ndinanena zonse, za bokosi ndi za foni. Amayi a kwaya omwe aja amene anandithandiza kumuyang'ana mwana wanga ngati galu, tsopano ankagwira pakamwa ngati oyera. Ukulu wa mpingo anandichotsa, kalasi anapatsa wina. Abusa anabwera kunyumba kudzandiuza za chikhululukiro. Ndinawauza kuti fani yawo akaikonzetse kwa mkamwini wanga.

Mwana wanga anabwera kudzaona ntchito. Analondola zilembo ndi chala, monga ankachitira ali wamng'ono.

"Mwasema bwino, amisiri."

Ndinamutengera kushedi. Ndinamuonetsa mwala wakuda umene ndinadzisungira kalekale. Ndinautembenuza, ndinamupatsa choko.

"Uwu ndi wanga. Ine ndataya ufulu wolemba. Lemba iwe. Chilichonse ulembe, ndikadzafa ena adzasema."

Anayang'ana mwalawo, anayang'ana ine. Sanalembe. Anaika choko m'chikwama chake, anatuluka kukakwera basi.

Inu owerenga, musayese kuti ndafewa. Utatu ndimaukhulupirira lero monga kale. Wamagetsi ndi wolakwa, ndipo tikadzakumana ndidzamuuzanso. Ngati amene anafa pamtanda sanali Mulungu, ine chiyembekezo ndilibe, chifukwa tchimo ngati langa wolengedwa sangalinyamule. Mukandifunsa ngati mwana wanga adzapulumuka, kale ndinkayankha msanga. Lero ndikuti sindikudziwa, ndipo zimandikwiyitsa kuti yankho limeneli ndi lomwe lija la abusa a nsapato zonyezimira. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndinali ndi mayankho onse a m'kalasi, ndipo ndinanamiza munthu akufa. Amene ndinkati ndi wa kumotoyo ndiye ankakwera basi tsiku lathunthu kudzazula udzu.

Ndipo inu amene mukupukusa mitu, ndikukudziwani. Ena mwa inu muli ndi nambala m'foni imene mumaisiya ilire, ndipo mumati mukutumikira Mulungu. Mulungu sanakulembeni ntchito ya pageti. Ine ndinadzilemba ndekha, ndipo malipiro ake ndawaona.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Mwala wanga uli pakona ya shedi, kuseri kuli mbee. Mmawa uliwonse ndimaupukuta fumbi kuti choko chidzagwire. Foni ndimaiika pamwamba pake, ndipo ndinakweza kulira kwake mpaka pamapeto, chifukwa makina amasokosa. Yalirapo kawiri. Ulendo woyamba mwana wanga anafunsa ngati udzu wamera. Wachiwiri anafunsa ngati ndikumwa mankhwala a miyendo.

Maulendo onse awiri anati amisiri.